Ntchito ndili nayo koma mtima suli pamenepo, kodi ndine wosayamika?

WapaDesiki:
Abale, uthengawu ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira masana. Ndingoutumiza basi, wonyoza anyoze.

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina m'tauni muno mu Mzuzu. Ogasiti akubwerayu ndikwanitsa zaka 9 pa desiki yomweyo, pafupi ndi zenera lomwelo. Malipiro salumpha mwezi, lendi ku Chibavi ndimalipira osabisalirana ndi landilodi, kwathu ku Dedza amanditchula ngati chitsanzo. Koma Lamlungu lililonse ikamakwana 4 koloko madzulo, ndikayala bulangete patebulo kuti ndisite malaya asanu a sabata yonse magetsi asanathime, pachifuwa pamandilemera ngati ndameza mwala. Sindikudwala ayi. Ndikangoganiza za Lolemba, njala imatha.

Chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha mpando wa mwana wanga unathyoka mwendo. M'malo moitana munthu ndinabwereka sowo ndi hamala kwa aneba n'kuukonza ndekha kuseri kwa nyumba. Malemu bambo anga anali kalipentala, ndinakulira mu utuchi. Zinanditengera maola atatu. Mwana atakhalapo n'kuyamba kugwedeza timiyendo take, ndinamva kukoma kumene kuofesi sindinakumve chaka chonse.

Ndiye maganizo osiya ntchito akundizungulira. Mayi akunyumba akuti ndisayerekeze n'komwe. Inu amene mumadzuka mokondwa popita kuntchito, mulipodi? Mumatani?

DigiriM'chikwama:
Akulu, ndi ulemu wonse, mukutiseka. Ine ndinamaliza ku Mzuni 2021, intenishipu ya boma ndinapanga, inatha. Lero ndili pansi pa ambulera pafupi ndi depoti, kutumiza ndalama za anthu pa Airtel Money ndi Mpamba. Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwerenga. Mwala mwamezawo ndipatseni ndiumeze ine. Tsiku losiyalo mundinong'oneze, ndikasiye kalata yanga.

Sacramento77:
Kkkk aDigiri mwayamba kugawa chuma chamasiye mwini wake akadali moyo.

NyaZolozolo:
Mverani akazi anu, bambo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo ndimadziwa kugona osadziwa ngati belo limene ndagula lituluka zovala kapena masanza. Inu pa 27 foni imalira yokha. Anthu olandira pamwezi simudziwa kuti mtendere umenewo ndi wodula bwanji. Chisangalalo mukachipeze kunyumba ndi kutchalitchi, kuntchito timapitira ufa.

WapaDesiki:
ADigiri, pepani ngati zakupwetekani, sikunali kunyada. Ndi chifukwa chake nkhaniyi sindiyankhula ndi munthu pamaso, ndimadziwa yankho lake ndi limeneli. Amayi a ku Zolozolo, ndamva. Koma kuntchitoko ndimathako maola 9 patsiku. Kunyumba ndimafika nditatha kale, ana amalandira makoko.

KalipentalaWaLuwinga:
Achimwene, ine ndine munthu amene mukufuna kukhalayo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni za tsidya lino.

Ndinaphunzira ku Mzuzu Technical College, shedi yangayanga ndakhala nayo zaka 14. Kukoma mukunenako kulipodi, sindikana. Ukapala thabwa la mlombwa ndi pulena yonoledwa bwino, fungo lake limadzaza shedi yonse, mizere ya mtengo n'kuyamba kuoneka umodziumodzi. Ndinapita pachinkhoswe ku Katoto chaka chatha, ndinapeza akuikira chakudya patebulo limene ndinapanga 2013. Ndinaligwedeza mwakabisira, silinasunthe. Tsiku limenelo nsima inatsika bwino.

Koma mpando wa mwana wanu sunabwere ndi kasitomala. Kasitomala amakupatsa theka la ndalama, iwe n'kupita kogula matabwa, n'kupeza mtengo wakwera. Ukamaliza akuti vanishi si mtundu umene ananena, kapena foni yake yasiya kupezeka, kabati n'kukhala pashedi miyezi inayi ikudya fumbi. Matabwanso si monga kale. Ku Chikangawa kunali paini wa mahekitala 53,000, tinkati sadzatha. Moto ndi macheka zinamaliza mbali yaikulu, lero thabwa louma bwino umalisaka ngati mankhwala. Ukagula laliwisi chifukwa cha changu, pakatha miyezi iwiri chitseko chapindika, dzina lako laipa dera lonse.

Ndipo pali china chimene akalipentala sitikonda kunena. Januwale ndi Febuluwale, ndalama za anthu zikapita ku feteleza ndi fizi, palibe amene amagula bedi. Chimene chimatidyetsa ndi mabokosi amaliro. Ndinakhomapo kabokosi ka mwana wa chaka chimodzi, bambo ake ataima pakhomo la shedi akudikira, osayankhula. Ndinalandira ndalama ija, ndinagulira ana anga ndiwo. Muziganizire zimenezo musanalembe kalata.

Sindikuti musabwere. Ndikuti bwerani Loweruka, ntchito yanu muli nayobe. Mapanga awiri amati avumbwitsa, koma ili ndi phanga ndi khonde lake.

Sacramento77:
Apa ndiye adada mwayankhula. Chikomekome cha mkuyu.

NesiWaUsiku:
Ndikulemba ndili pa dyute, odwala agona, ndiye mukhululuke ndikatalikitsa.

Funso lakuti alipo amene amadzuka mokondwa, ine yankho langa ndi lakuti ayi, osati tsiku lililonse. Ndakhala namwino ndi mzamba zaka 11. Pali usiku umene umakhala wekha ndi amayi oyembekezera odzaza wodi, 3 koloko m'bandakucha, kuzizira kwa Juni kukulowa mpaka m'mafupa, tiyi unathira pakati pausiku wazizirira m'kapu osamulawa. Wachibale wa wodwala akukutukwana kuti manesi ndinu amwano, pamene iwe sunakhale pansi chifikireni. Anzanga awiri a m'kalasi mwathu ali ku UK. Zithunzi zimene amaika pa Facebook ndi zokongola, koma mmodzi akandiimbira amalira, akuti amasamalira nkhalamba zimene sizidziwa n'komwe dzina lake, ndipo amayi ake ku Rumphi akudwala alibe wowatembenuza.

Chimene chimandisunga ine ndi chaching'ono. Zaka zinayi zapitazo kunabadwa mwana wosapuma, wofewa ngati nsanza. Ndinamupukuta, ndinamuika bwino mutu, ndinayamba kumupopera mpweya. Mphindi imodzi imatalika ngati chaka. Kenako anatsokomola, n'kulira. Amayi ake sindinawaonenso. Mwezi wathawu ndikusankha tomato ku Zigwagwa, mayi wina anandigwira mkono, akuti anesi, ndi uyu mwana wanu uja. Kamtsikana kovala juzi yofiira, kakudya chimanga chootcha, kakundiyang'ana ngati ndili ndi ngongole yake. Mayi uja anandiikira mulu wa tomato wina waulere. Ndinayenda mpaka pa siteji osaona njira.

Ndiye bambo a pa desiki, ine ndikuona ngati vuto lanu si maakaunti. Mpando uja munauona utatha, ndipo munaona munthu atakhalapo. Kuofesi kwanu mumamaliza chiyani chimene mumachiona chili m'manja mwa munthu?

DigiriM'chikwama:
Anesi, nkhani yanu yandikhudza, koma tisanamizane. Tomato waulere salipira lendi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti Novembala 2023, shuga, sopo, thiransipoti zonse zinalumpha, malipiro a anthu ambiri anangokhala pomwepo. Munthu wolandira K90,000 imene boma linaika ngati malipiro otsikitsitsa mu 2024 mungamuuze za kukoma kwa ntchito? Chisangalalo chimayamba m'mimba mukakhuta.

NesiWaUsiku:
Sindikutsutsa, achimwene. Nanenso ndimagwira lokamu, dyute yowonjezera yolipidwa padera, pa masiku opuma kuti zikwane. Koma amene wafunsayu m'mimba mwake ndi mokhuta, ndipo sakugona. Ndiye pali njala ziwiri.

MkuluWaMpingo_Chiputula:
Mlaliki 3 ndime 13 imatiuza kuti munthu kudya, kumwa ndi kuona zabwino m'ntchito yake ndi mphatso ya Mulungu. Mphatso timapempha. Mbale wanga, yambani Lolemba ndi pemphero, muyamike pa zimene muli nazo, muona kusintha.

Chimbalangondo:
Abusa, Mlaliki yemweyo akutinso zonse ndi chabe. Tiwerenge ndime iti? Kkk

MkuluWaMpingo_Chiputula:
Muwerenge buku lonse, mwana wanga, si lalitali.

WakuJoni:
Ine ndinasiya ntchito chifukwa cha maganizo ngati amenewa, koma anga anali a ndalama. Ndinali kalaliki pasitolo ina muno mu Mzuzu. Anzanga a ku Mzimba amene tinakulira limodzi akabwera Disembala ndi magalimoto a nambala za ku Gauteng, ine ndinkadziona ngati chitsiru. 2014 ndinakwera basi.

Zaka 7 ndinali m'munda wa maluwa wa mzungu wina ku Johannesburg. Ntchito yake sinali yoipa, ndipo ndinene zoona, kudulira maluwa ndinafika pokukonda. Ndinamanga nyumba yamalata, ndinagula ng'ombe zinayi. Koma ndinkagona m'kachipinda kakuseri ndi anthu atatu, ukamva kuti kwayamba zothamangitsa alendo sutuluka ngakhale kokagula buledi. Maliro a bambo anga ndinaonera pa foni.

Nditabwerera 2021, mwana wanga amene ndinamusiya akukwawa anandilandira chikwama mwaulemu, n'kuthamangira kukhitchini kukauza amayi ake kuti kwabwera ankolo. Mawu amenewo mpaka lero amandilasa.

Pano ndili ndi nazale ya mitengo ndi maluwa m'mbali mwa msewu wopita ku Nkhata Bay. Ndalama zake sizifika ngakhale theka la za ku Joni. Koma masana mwana uja akaweruka amabwera kudzandithandiza kuthira dothi m'machubu, akundilongosolera za mpira. Sindikuuzani kuti siyani kapena khalani. Ndikungoti pochoka muziwerenga zonse, osati za pa pepala zokha.

WakuNsanje:
Mwina vuto ndi Mzuzu weniweniyu, osati ntchito. Ine atandisamutsira kuno chaka choyamba ndinkafuna kulemba kalata sabata iliyonse. Kwathu timagona panja chifukwa cha kutentha, kuno Julayi kamvula kowaza tsiku lonse, zovala zosauma, nkhungu mpaka 9 koloko. Kuofesi anzanga akayamba Chitumbuka n'kumaseka, ine ndinkaganiza kuti akuseka ine. Nditaphunzira monire ndi yewo chomene, n'kuyamba kudya nawo masana, ntchito yomweyo inapepuka. Akulu a ku Dedza, kuofesi kwanuko muli ndi mnzanu woseka naye?

NyaZolozolo:
Munthu wa ku Dedza angadandaule kuzizira? Kwawoko ndiye kumaundana madzi mumtsuko.

Sacramento77:
ANsanje, bwerani mupalase njinga kuchokera m'tauni kukwera chitunda muli ndi mayi wonenepa ndi thumba la ufa kumbuyo, kuzizira kutha pompo.

Chimbalangondo:
Sacramento, kabaza wa njinga zopalasayu, inatha fasho, aise. Anthu pano akukwera njinga zamoto.

Sacramento77:
Mafuta akasowa, mizere itafika kutali pa filing'i siteshoni, munkakwera chiyani? Ine injini yanga imayendera nsima. Ndipo ndikuuzeni, pa anthu onse alemba pano wosangalala ndine. Ndikatopa ndimatsamiritsa njinga pamtengo n'kugona, palibe amandilembera kalata yochenjeza.

DigiriM'chikwama:
Mudzatiuze zimenezo mukadzafika zaka 55, mawondo atayamba kulira.

Adimini:
Abale, za njinga ndi nyengo zili ndi malo ake. Tibwerere kwa mnzathu wafunsayu.

MayiWaHR:
Ndiyankhe monga munthu amene makalata osiya ntchito amafikira pa desiki yake.

Choyamba, tchuthi munapita liti? Lamulo la ntchito limapereka masiku 15 pachaka kwa wogwira masiku asanu pasabata, 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Anthu a maakaunti ndimawadziwa, amaunjika masiku chifukwa kumapeto kwa mwezi kulikonse amati palibe wina angatseke mabuku. Ndaonapo anthu akubwera ndi kalata yosiya, ndikawauza kuti ayambe apuma milungu itatu, amabwerera n'kuipempha kalata ija. Ena amabwerera atatsimikiza. Onsewo amakhala aganiza ndi mutu wopuma.

Chachiwiri, mukasiya nokha palibe ndalama ya chipukutamisozi imene amapereka kwa wochotsedwa pochepetsa antchito. Mumapereka notisi ya mwezi umodzi ngati mumalandira pamwezi, mumalandira za masiku a tchuthi otsala, basi. Penshoni ija, bwana amaikapo 10 peresenti, inu 5. Mukachoka, 10 ya bwanayo yaima tsiku lomwelo. Ngati muli ndi ngongole ya kubanki yodulidwa kumalipiro, siima nanu limodzi.

Chachitatu, ndipo ichi ndi changa osati cha lamulo. Zaka 9 pa desiki imodzi ndi zambiri. Munapemphapo kusinthidwa? Ambiri safunsa, amangodikira kuti bwana alote. Pemphani kupita ku sitolo ya katundu, kukawerengera kunthambi, kapena kuti akupatseni wachinyamata woti mumuphunzitse. Akakana, mwadziwa pamene mwaima, muyambe kufunsira kwina mukadali pantchito. Wofunafuna ntchito ali pantchito amayankhula mosanjenjemera pa intavyu.

Chomaliza, ngati kusowa njala ndi tuloko kwafalikira masiku onse, osati Lamlungu lokha, musachite manyazi kukaonana ndi aphungu. Ku St John of God kuno kwathu amathandiza za maganizo, si kwa amisala okha monga anthu amanenera.

ChokoM'manja:
Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, sitandade 2. Ana m'kalasi mwanga amapitirira 90, ena amakhala pansi. Uphunzitsi sindinausankhe, ndinkafuna unamwino, mapointi a MSCE sanalole. Zaka zisanu zoyamba ndinkangodikira belu.

Chinandisintha ndi kamnyamata kena kosayankhula, kokhala kumbuyo kwenikweni. Temu yonse sikanawerengepo kanthu. Tsiku lina ndikufufuta pa bolodi ndinamva kumbuyo kwanga mawu otsika, akuphatikiza: ga, li, mo, to. Kenako kanakuwa, galimoto! Kanadzidzimuka kokha, kalasi yonse inaseka, ine ndinayang'ana pa bolodi nthawi yaitali kuti ana asaone nkhope yanga. Kuyambira pamenepo ndimasaka mphindi imeneyo mwa mwana aliyense. Sibwera tsiku lililonse. Malipiro akadali omwewo, katapila amandidziwa dzina. Koma ndikugwirizana ndi anesi, munthu umafuna kuona pamene thukuta lako lagwera.

Chimbalangondo:
Nkhani zokoma zonsezi ndi zimene mabwana amakonda kumva. Mphunzitsi akhutire ndi galimoto ya pa bolodi, bwana akwere yeniyeni.

ChokoM'manja:
Kukonda ana sikunandiletse kunyanyala nawo ntchito pamene anzanga ananyanyala. Zonse ziwiri ndimatha.

GogoWaPenshoni:
Ana anga, mdzukulu ndi amene akundilembera, maso anatha.

Ndinafika mu Mzuzu ndili mnyamata, tauni ikadali kamudzi kotsalira pa esiteti ya mitengo ya tung. Pamene ankaulengeza kukhala mzinda mu 1985 n'kuti ndili kale pantchito. Ndinagwira zaka 34 m'maofesi, ndinapuma 2009. Ndiye za Lamlungu madzulozo ndikuzidziwa, ife tinkasita ndi simbi yamakala.

Cholakwa changa chinali kudikira. Ndinkati ndikakwezedwa ndidzasangalala. Atandikweza ndinasangalala miyezi iwiri, kenako ndinayamba kuyang'ana mpando wotsatira. Ndinkati ndikapuma ndidzalima khofi kumudzi monga ndinkafunira kuyambira kale. Nditapuma msana unali utapuma kale. Khofi amafuna zaka zitatu kapena zinayi kuti uyambe kuthyola, ndipo amafuna munthu wowerama. Anzanga amene anadzala akadali pantchito, kumapita Loweruka lililonse, lero akugulitsa kudzera ku makopaletivi a Mzuzu Coffee. Ine munda uja ndinabwereketsa.

Tsiku lotsanzikana anandipatsa wotchi yapakhoma ndi bulangete. Lolemba lotsatira pampando panga panali munthu wina, ndipo ofesi sinagwe. Mafayilo onse amene ndinkagonera kuofesi sindikumbukako ngakhale imodzi. Amene amabwera kudzandiona lero ndi anyamata atatu amene ndinawaphunzitsa ntchito, mmodzi anali mesenjala, ndinamukakamiza kulembanso mayeso. Amandibweretsera shuga.

Mwana wanga wa ku Dedza, usasiye ntchito mwezi uno. Koma sowo ija usabweze msanga kwa aneba. Ukagule yako.

NyaZolozolo:
Agogo atha nkhani. Ine ndangoti mverani akazi anu, koma agogo anena bwino kuposa ine.

DigiriM'chikwama:
Agogo sananene zimene munanena inu, amayi. Werenganinso.

MlondaWaUsiku:
Ine sukulu sindinapite patali ndiye mundikhululukire kalembedwe. Ndimalondera pamalo ena ku Luwinga. Ndawerenga zonse chifukwa usiku ndi wautali.

Bwana a pa desiki, mukuti simuona amene amakhala pa mpando wanu wa kuofesi. Ndife. Kumene ndinkagwira poyamba, wa maakaunti anali wosasamala. Malipiro ankabwera pa 5, pena pa 10, maola owonjezera osawerengedwa. Ukapita kukafunsa akuti bwera mawa, osakuyang'ana n'komwe. Landilodi anandichotsera chitseko cha nyumba mwezi wa Juni, mkazi wanga ali ndi khanda. Tinatchinga ndi chitenje masiku anayi.

Kumene ndili pano kuli mayi wina wa maakaunti. Sindinayankhulepo naye kupitirira moni. Koma pa 26 ndalama imalowa, maola anga onse alimo, ndipo tsiku lina anandiitana yekha kuti anandidula molakwika mwezi wapitawo, wandibwezera. Mayi ameneyo kwathu timamutchula popemphera. Iye sakudziwa. Mwina nayenso Lamlungu amasita zovala mtima uli wolemera.

NesiWaUsiku:
Alonda, mwandiliza pa dyute.

Chimbalangondo:
Apa ndilibe chonena.

WapaDesiki:
Ndawerenga kawiri zonse. Alonda, malipiro a anthu 63 amadutsa m'manja mwanga mwezi uliwonse, ndipo ndikuvomera kuti ndimawaona ngati mizere pa kompyuta. Chaka chatha ndinapeza kuti amayi awiri okolopa ankadulidwa ngongole imene anamaliza kale kubweza. Ndinakonza, ndinatseka fayilo, ndinapita kukadya. Sindinaganizepo kuti kunyumba kwawo kunachitika chiyani madzulo amenewo.

Koma ndisanamenso kuti mwala wachoka. Mawa ndi Lolemba ndipo malaya ndasita ndi mtima womwewo. Amayi a HR, mwandigwira: tchuthi ndinapita komaliza mwana wachiwiri atabadwa, pano ali ndi zaka zitatu. Ndikalemba fomu mawa. ANsanje, woseka naye analipo, anasamukira ku Lilongwe, ndipo ndangozindikira pano kuti kulemeraku kunakula iye atachoka. ADigiri, ntchito sindikusiya pakadali pano, pepani, koma nditumizireni kalata yanu kumbali, ndimamva mipata ikatuluka m'makampani amene timagula nawo katundu.

Akalipentala, Loweruka lija munanena zoona kapena munangonena?

KalipentalaWaLuwinga:
7 koloko. Muvale zovala zoti simuzilira, ndi nsapato zotseka. Musayembekeze kugwira pulena tsiku loyamba, muyamba ndi sandipepa ngati wina aliyense. Nsima ya masana timasonkha.

NyaZolozolo:
Akazi anu mwawauza? Musatipangitse ife kukhala mboni pabwalo.

WapaDesiki:
Ndawauza. Akuti bola ndibwere ndi shelefu ya kukhitchini imene ndinawalonjeza 2019.

Sacramento77:
Ndikunyamulani ine kuchokera ku Chibavi, mtengo wa abale.

WapaDesiki:
Ndabwera kudzapereka lipoti monga ena munapempha kumbali. Ndinapita. Sandipepa kuyambira 7 mpaka 11, zala zatuluka matuza awiri, utuchi mpaka m'makutu. Anyamata a pashedi amanditchula kuti abwana n'kumaseka. Masana kunabwera anthu ofuna bokosi, onse anasiya zimene ankachita, ine anandiuza kuti ndigwirire thabwa. Panalibe woyankhula mpaka litatha. Sindinadziwe kuti ndiyang'ane kuti.

Chakumadzulo anandilola kudula matabwa a shelefu. Ndinayeza kamodzi m'malo mwa kawiri. Ndinafika kunyumba ndi msana wowawa, ndinagona osadya, tulo tofa nato. Fomu ya tchuthi yavomerezedwa, ndiyamba pa 14. Shelefu sinathe.

DigiriM'chikwama:
Kalata ndatumiza, akulu. Muione.

KalipentalaWaLuwinga:
Wowerengera ndalama wolephera kuwerenga tepi sindinamuonepo. Thabwa munafupikitsa lija ndalemba m'buku, mudzalipira Loweruka. Mubwerenso ndi pensulo yanga, mwapita nayo kukhutu.